Kupendekeka kwa Mizere

Mmisiri wokhoma denga amayeza zinthu ziwiri pa phaso: lakwera bwanji, ndipo lapita kutsogolo mtunda wotani. Phaso likakwera mita 1 pa mamita 4 aliwonse, kupendekeka kwake ndi 1 kugawa ndi 4, ndiye kuti 1/4.

Pa pepala la galafu timayeza chimodzimodzi. Malo aliwonse ali ndi manambala awiri: x ndi masitepe opita kumanja, y ndi masitepe okwera. Taonani mzere wodutsa pa (1, 2) ndi pa (3, 6). Wakwera 6 − 2 = 4, wapita kumanja 3 − 1 = 2. Mukagawa 4 ndi 2 mupeza 2. Kumeneko ndiko kupendekeka kwake.

Mzere wowongoka timaulemba chonchi: y = mx + c. Zilembozi zisakuopseni. Chilembo m chikuimira kupendekeka, c ndi pamene mzerewo ukudula mzere woimirira wa y. Wathu uja ndi y = 2x.

Mapaso a mbali imodzi ya denga sakumana, chifukwa amapendekeka mofanana. Mizere yoyendera limodzi nayonso m wake ndi mmodzi, imasiyana c yekha. Tipeze mzere woyendera limodzi ndi y = 2x, wodutsa pa (1, 5). Ikani manambala m'malo mwa zilembo: 5 = 2 × 1 + c. Choncho c ndi 3, ndipo mzerewo ndi y = 2x + 3.

Pofunika kudekha ndi pa mizere yopingasana pa sikweya, ngodya ya madigiri 90. Mzere wathu umapita kumanja 1, n'kukwera 2. Mukautembenuza kuti upingase, masitepe aja amasinthana: umapita kumanja 2, n'kutsika 1. Kutsika timakulemba ndi chizindikiro chochotsera, motero 2/1 amasanduka −1/2. Ambiri amatembenuza nambala n'kuiwala chizindikiro. Kuti mutsimikize, chulukitsani: 2 × −1/2 = −1. Yankho liyenera kukhala −1 nthawi zonse, kupatula pamene mzere wina wagona ndipo wina waima chilili.

Mzere wopingasa y = 2x pa (2, 4) timaupeza chonchi: 4 = −1/2 × 2 + c, ndiye c ndi 5. Mzerewo ndi y = (−1/2)x + 5.

Tsopano jambulani y = 3x + 1 m'kope mwanu. Pezani mzere woyendera nawo limodzi wodutsa pa (1, 7), kenako wina woupingasa pa (3, 10).