MUTU WA MUNTHU WAKUDA PA CHIZINDIKIRO CHA COBURG

Anzanga, tikuphunzira za chizindikiro cha dziko lathu, chija chili ndi mkango, kambuku ndi nkhwazi, aphunzitsi anationetsa pa foni zizindikiro za kwina. Chimodzi chinali cha tauni ya Coburg, m'chigawo cha Bavaria ku Germany: chishango chachikasu, pakati pake mutu wa munthu wakuda wa milomo yofiira, atavala ndolo. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ine ndiye zinandiwawa. Ndinati basi azunguwa akutinyoza.

Koma ndinafulumira. Mutuwo ndi wa Maurice Woyera, nkhoswe ya tauniyo, ndipo tchalitchi chachikulu chakumeneko chimatchedwa dzina lake. Nkhani ya makolo a mpingo imati iye anali wa ku Thebes, ku Egypt, mtsogoleri wa gulu la asilikali a Aroma. Mfumu Maximian itawalamula kuti azunze Akhristu anzawo, iye ndi gulu lake anakana. Anaphedwa onse pamalo amene lero ndi Saint-Maurice, ku Switzerland. Cha m'ma 1240, amisiri a ku Magdeburg anasema chiboliboli chake ngati munthu wakuda, ndipo ena anayamba kumujambula choncho.

Pomwe panandigwira mtima ndi apa. Mu 1934, a chipani cha Nazi cha Hitler, odana ndi anthu akuda aja, anachotsa mutuwo n'kuikapo lupanga lokhala ndi chizindikiro chawo. Nkhondo itatha mu 1945, anthu a ku Coburg anaubwezeretsa. Lero umapezeka ngakhale pa zivundikiro zachitsulo za ngalande za m'misewu.

Komabe nkhani sinathe. Mu 2020 anthu ena anasaina chikalata chopempha kuti chizindikirocho chisinthidwe. Iwo amati milomo ndi ndolo zija ndi mmene azungu ankajambulira anthu akuda powachepetsa. Enanso amati ayi, umenewu ndi ulemu kwa woyera wawo.

Ineyo, poyenda ulendo wobwerera kumudzi tsiku limenelo, ndinaganiza kuti mbali zonse zili ndi mfundo. Munthuyo amamulemekezadi, koma nkhopeyo akanaijambula bwinoko. Chomwe ndatolapo n'chakuti chizindikiro usachiseke kapena kuchikwiyira usanafunse mbiri yake.

Nanga inu mukuti bwanji, achisiye kapena achisinthe? Lembani maganizo anu papepala, mumate pansipa.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2