Telesikopu Yabwino Imayambira Pansi

Usiku woyamba umene tinatulutsa panja telesikopu yopanga tokha, pulaneti ya Saturn tinaipeza ndithu, koma inkangovina m'kagalasi ngati chiphaniphani. Tinayamba kudandaula kuti tagula kalilole wachabechabe. Kalilole analibe mlandu. Vuto linali mpando umene tinakhazikapo telesikopuyo: miyendo yopyapyala ya kamera, yomwe inkanjenjemera ngakhale ndi kamphepo kayeziyezi.

Telesikopu ikamakulitsa chinthu ka 100, imakulitsanso kugwedera kulikonse ka 100. Kunjenjemera kumene dzanja silingakumve n'komwe, diso limakuona ngati chivomezi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Lozetsani telesikopu pa nyenyezi yowala, gogodani paipi yake pang'ono ndi chala, ndipo muwerenge masekondi mpaka nyenyeziyo itakhazikika. Akapitirira atatu, mpandowo ukufunika kukonza.

Komabe kulimba pakokha sikukwanira. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Mwezi umaoneka wotambalala pafupifupi theka la digiri, choncho pa mphindi ziwiri zokha umakhala utasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Ndiye kuti woonera amayenera kumakankha telesikopu pang'onopang'ono usiku wonse. Tikufuna mpando wolimba ngati mwala, koma woyenda mofewa ukaukhudza ndi chala. Apa mpamene ambiri timagwa nayo, chifukwa chinthu chikamagwedera timathamangira kumangitsa mabawuti, kenaka chimakana kuyenda.

Amene anafalitsa njira yotchipa yothetsera vutoli ndi John Dobson, yemwe anabadwira ku Beijing mu 1915 ndipo anamwalira mu 2014. M'zaka za m'ma 1960 ku San Francisco, iye ankapanga matelesikopu akuluakulu ndi magalasi a mawindo a sitima zapamadzi, mapaipi a katoni ndi matabwa otsala, n'kumawaimika m'mbali mwa msewu kuti aliyense wodutsa aone kumwamba. Mpando wake ndi bokosi la pulayiwudi lotseguka pamwamba. Paipi imavala mawilo awiri m'mbali, ndipo mawilowo amangotsamira m'mphako zozokotedwa pa bokosilo, moti telesikopu imaweramira m'mwamba ndi pansi. Bokosilo limazungulira pa thabwa lapansi, pa bawuti imodzi yapakati. Bawutiyo simangitsidwa, ntchito yake n'kungosunga pakati. Chimene chimagwira zonse ndi kulemera kwa telesikopuyo.

Thabwa lapansilo likhale ndi miyendo itatu yaifupi, osati inayi. Aliyense amene anaphikapo pa mafuwa akudziwa chifukwa chake: mphika umakhazikika pa miyala itatu ngakhale pansi pali pokumbikakumbika, pamene tebulo la miyendo inayi limafuna kapepala kopinda. Pamwamba penipeni pa mwendo uliwonse pamakhomedwa kachidutswa ka Teflon, kuti kulemera kutsikire m'nthaka molunjika, thabwa lisapindike. Kunsi kwa bokosi amamatako Formica. Ziwirizi zikakhudzana, mphamvu yoyambitsira kuyenda imakhala pafupifupi yofanana ndi yopitirizira, motero telesikopu sidumpha mukaikankha. Ena amaika mbale yakale ya galamafoni m'malo mwa Formica. Ife Teflon itatisowa tinadula pulasitiki ya chigubu, ndipo inayenda, ngakhale mokakamira pang'ono. Girizi musamuyese, amangoitana fumbi.

Pamene tinalakwitsa kwambiri ndi pokhomera mawilo am'mbali aja. Tinawaika pakati pa paipi poyeza ndi tepi, kuiwala kuti kalilole amalemeretsa mbali yakumunsi. Tikangoisiya, telesikopu inkadzuka yokha n'kuloza kumwamba. Njira yake ndi iyi: ikani kalilole, kagalasi koyang'anirapo ndi zina zonse m'malo mwake, gonekani paipi pa mpini wa tsache, n'kuisuntha mpaka itaima yosapendekera mbali iliyonse. Pamenepo ndiye pa mawilo. Ndipo akhale aakulu, ofanana ndi kukula kwa paipi kapena kuposerapo, chifukwa mawilo aang'ono sagwira mukasintha kagalasi n'kuika kolemera.

Mwina munaonapo pa intaneti mipando ina yopendekeka, yotsata nyenyezi pozungulira mbali imodzi yokha. Imeneyo imafuna kulozetsedwa pamalo pamene thambo limaoneka ngati likuzungulirapo. Ku Lilongwe malowo ali kummwera, madigiri pafupifupi 14 okha kuchokera m'chizimezime, ndipo nyenyezi imene ili pafupi napo, Sigma Octantis, imavuta kuiona ndi maso. Kwa oyamba kumene, ife tikuti ndi kudzivutitsa.

Titakonza bokosi lathu, tinagogoda paipi ndipo Saturn inakhazikika tisanawerenge kufika pa ziwiri. Mphete zake zinaoneka bwinobwino, ndi kalilole yemwe uja tinkamunyoza.