Kompyuta ikukana Ubuntu watsopano: tiyambire pati?

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Windows 11 nayo ndi yosankha: imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa yatsopanoko, zinthu zomwe makompyuta ambiri akale, ngati aja a m'malabu a sukulu zathu, alibe. N'chifukwa chake ena akusamukira ku Ubuntu, mtundu wa Linux womwe ndi waulere. Anauyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo likutanthauza umunthu womwe timaudziwawu. Manambala ake ndi deti chabe: Ubuntu 24.04 anatuluka mu April 2024.

Kuika Ubuntu sikovuta, koma nthawi zina zimakanika, ndipo apa m'pamene anthu amasokonezeka. Wina asintha fulashi, asintha za mu BIOS, atsitsanso fayilo, zonse nthawi imodzi. Zikatheka sadziwa chomwe chathandiza, zikakanika sadziwa chomwe chalakwika. Mu labu ya physics timatani poyesa pendulum? Timasintha kutalika kwa chingwe kokha, zina zonse osakhudza. Ndi kompyuta n'chimodzimodzi. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani zomwe zawoneka pa sikirini ndendende mmene zalembedwera.

Musanayambe, koperani zithunzi, manotsi ndi mapepala akale a mayeso n'kuziika pena. Mukasankha "Erase disk", zonse zimapita basi.

Woyamba kumukayikira ndi fayilo ya ISO yomwe mwatsitsa. Ya Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB, kutanthauza ma bit okwana 48 biliyoni, aliyense ali 0 kapena 1. Netiweki ikaduka pakati, fayilo imatha kuwoneka ngati yafika koma ili yoperewera, ndiye kuika kumaima pakati popanda chifukwa chomveka. Pali njira yodziwira. Pa webusaiti ya Ubuntu amaika nambala yotchedwa SHA256, ya zilembo ndi manambala 64, yomwe imawerengedwa kuchokera ku fayilo yonse. Bit imodzi yokha ikasintha, nambala yonse imasinthiratu. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani certutil -hashfile, kenako dzina la fayilo, kenako SHA256. Zikafanana ndi za pa webusaiti, fayilo ili bwino, musawonongenso bandulo kutsitsa kachiwiri. Ine ndimaona kuti mphindi ziwiri zimenezi ndi zaphindu kuposa zina zonse m'ntchitoyi, koma ndi zomwenso anthu amakonda kudumpha.

Kenako fulashi. Kungokopera ISO pa fulashi ngati nyimbo sikugwira ntchito, kompyuta siingayambire pamenepo. Mufunika pulogalamu ngati Rufus kapena balenaEtcher, ndi fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Fulashi imasunga uthenga ngati chaji yamagetsi yotsekeredwa m'timaselo ting'onoting'ono, ndipo timaseloti timatha mphamvu tikalembedwa kambirimbiri. Palinso mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa. Ngati SHA256 ili bwino koma zikukanikabe, bwerekani fulashi ina.

Mwalowetsa fulashi, koma kompyuta ikungotsegula Windows yakale ija? Palibe chawonongeka. Kompyuta ikayaka imatsata mndandanda wa komwe iyambire, ndipo hard disk ndi imene ili patsogolo. Mukangoyatsa, dinani mobwerezabwereza F12 pa Dell kapena Lenovo, F9 pa HP, n'kusankha fulashiyo.

Chomwe chimaopsa ambiri ndi sikirini yakuda. Mwasankha "Try or Install Ubuntu", kenako zii, fani yokha ikulira. Nthawi zambiri kompyuta imakhala ikugwira ntchito ndithu, koma driver, kapulogalamu kolankhula ndi chipangizo chopanga zithunzi, sakugwirizana nacho. Yambitsaninso, musankhe "Ubuntu (safe graphics)". Zithunzi zitha kuwoneka zazikulu modabwitsa, koma mumaliza kuika, kenako mupeza driver woyenera pa "Additional Drivers". Wi-Fi ikasowa, kawirikawiri nkhani yake ndi yomweyi. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB, yatsani USB tethering, intaneti ya pafoniyo ikuthandizani kutsitsa chosowacho.

Tsopano vuto limene mphunzitsi wa physics sangalidumphe. Mwamaliza kuika, mukufuna kutsitsa zatsopano, kompyuta ikuti fayilo ina "is not valid yet", kapena mawebusaiti onse akuti si otetezeka. Yang'anani deti. Mwina kompyuta ikuganiza kuti tili zaka khumi zapitazo. Pa motherboard pali wotchi yomwe imayenda ngakhale mutazula pulagi. Mtima wake ndi kamwala ka quartz komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Bwanji nambala yachilendo chonchi? Ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini ka 15, ndiye dera lamagetsi likaigawa pakati ka 15 motsatizana pamatsala kugunda kumodzi pa sekondi. Wotchiyi imadya kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavoti atatu. Patapita zaka kabatireka kamatha, deti limabwerera m'mbuyo, ndipo ziphaso zachitetezo za pa intaneti, zomwe zili ndi tsiku loyambira ndi lothera, zimawoneka ngati nthawi yake siinakwane. Konzani deti mu BIOS, sinthani kabatire. Amene muli ndi multimeter ku labu kayezeni kakaleko, muone mmene katsikira pansi pa 3 V.

Nanga magetsi akazima pakati? Laputopu ikhale yodzaza musanayambe, koma desktop yopanda UPS imangozima. Chipangizo sichipsa chifukwa choti kuika kwadukizidwa, kungoti pa disk pamatsala mafayilo osakwanira ndipo kompyuta siingayambe. Magetsi akabwera, yambirani pa fulashi n'kuikanso kuchokera pachiyambi.

Kompyuta ikamaliza zonse koma ikuyenda ngati nkhono, onani RAM. Ubuntu 24.04 amafuna 4 GB ndi malo a 25 GB pa disk. Ya 2 GB yesani Lubuntu, wa banja lomweli koma wopepuka.