Amayi ali ndi BP, chipatala chili kutali

Funso: Mlimi wina wa ku Chalimbana akufunsa: "Amayi anga ali ndi BP, koma ulendo wa ku chipatala cha Chongwe umawatopetsa. Kodi azaumoyo a m'mudzi angawathandize?"

Yankho: Angawathandize ndithu. Boma la Zambia linayamba kuphunzitsa azaumoyo otere ku Ndola mu 2011, maphunziro a chaka chimodzi, kuti aziyendera makomo. Pulojekiti ya BHOMA m'maboma a Chongwe, Kafue ndi Luangwa inkayeza BP ya odwala m'zipatala zazing'ono n'kutuma anthu kukalondola amene sanabwerenso.

Koma kusintha mankhwala ndi ntchito ya a chipatala. Amayiwo asasiye kumwa mapiritsi chifukwa mutu waleka kuwawa, pakuti BP imakwera mwakachetechete mpaka kupha ziwalo. Achepetsenso mchere m'ndiwo, makamaka pophika kapenta wouma.