Kukonza Ndandanda ya Katundu Wogulitsa pa Intaneti

Pamsika, wogula amanyamula botolo la uchi, kuliunika padzuwa, kufunsa mtengo ndi kunenerera. Wogula wa pa intaneti alibe mwayi umenewu. Iye ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg, ndipo chimene akudziwa za katunduyo ndi chimene wogulitsa analemba basi. Zolembazo zikaperewera kapena zikalakwika, wogula amapita kwina, ndipo nthawi zina katundu wotumizidwa kale amabwezedwa ndalama ya mayendedwe itapita. N'chifukwa chake makopaletivi, magulu a amayi ndi achinyamata ochita malonda m'mawodi a boma lino ayenera kudziwa kakonzedwe ka ndandanda ya katundu.

Ndandanda ya katundu n'chiyani?

Ndi tebulo lolembedwa pa kompyuta kapena pa foni, mu Excel kapena Google Sheets. Mzere uliwonse wopingasa ndi wa katundu mmodzi, ndipo mzere uliwonse wotsika ndi wa mfundo imodzi yokhudza katunduyo, monga dzina, mtengo kapena chithunzi. Kampani za Google ndi Meta, mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, zimalandira tebulo lotere n'kuonetsa katunduyo kwa ogula. Poyamba amawerenga tebuloli ndi makina, osati munthu, ndipo makina saganizira chimene wolemba amafuna kunena. Pachifukwa ichi mitu ya mizere imalembedwa m'Chingerezi ndendende monga kampaniyo inakhazikitsira.

Mfundo zoyenera kupezeka

Yoyamba ndi id, nambala yozindikiritsa katundu imene wogulitsa amapanga yekha, monga UCHI-500 kapena MPUNGA-5KG. Katundu awiri sagawana nambala imodzi, ndipo nambala ikaperekedwa siisinthidwa ngakhale mtengo utasintha.

Yachiwiri ndi title, dzina la katundu. Google imalola zilembo zosapitirira 150, koma pa foni pamaoneka mawu oyambirira okha, choncho ofunika kwambiri aziyamba. Dzina loti "Mpunga wabwino zedi, gulani lero" silinena kanthu. Loti "Mpunga wa Kilombero, makilogalamu 5, wopeta kale" limayankha mafunso atatu nthawi imodzi.

Yachitatu ndi description, kufotokoza katundu mwatsatanetsatane: kumene anachokera, chimene anapangira, kukula kwake ndi kasungidwe kake. Wosoka madilesi a zitenje anene mtundu wa nsalu ndi saizi. Woluka madengu anene ngati ndi a nsungwi kapena a mlaza, ndi kutalika kwake m'masentimita.

Yachinayi ndi price, mtengo. Umalembedwa m'manambala, motsatana ndi zilembo zitatu zoimira ndalama ya dziko. Kwacha ya Malawi ndi MWK, ya Zambia ndi ZMW, ndipo randi ndi ZAR. Botolo la K4,500 limalembedwa 4500.00 MWK. Mawu oti "tikambirana" alibe malo m'danga limeneli.

Zotsala ndi availability, yonena ngati katundu alipo kapena watha; condition, yosiyanitsa watsopano ndi wogwiritsidwapo kale ntchito, monga kaunjika; brand, dzina la wopanga; link, adiresi ya tsamba pamene katunduyo akugulitsidwa; ndi image_link, adiresi ya chithunzi chake.

Miyeso yomveka kwa aliyense

Kumudzi mtedza umagulitsidwa pa ndowa, tomato pa mulu, ufa pa mbale. Miyeso imeneyi imasiyana msika ndi msika, ndipo munthu wakutali sangaidalire. Pa ndandanda pazilembedwa magalamu, makilogalamu, mamililita kapena malita, katunduyo atayezedwadi pa sikelo yolondola. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayang'anira za miyeso ndi ubwino wa katundu m'dziko muno, ndipo gulu lisalembe kuti katundu wake ndi wovomerezedwa ndi bungweli ngati chiphaso lilibe.

Katundu mmodzi akakhala ndi masaizi angapo, saizi iliyonse imakhala ndi mzere wake ndi id yake. Uchi wa mamililita 250 ndi wa 500 ndi mizere iwiri, yolumikizidwa ndi nambala imodzi m'danga la item_group_id.

Chithunzi ndi barcode

Chithunzi chizionetsa katundu weniweni amene wogula adzalandire, wojambulidwa powala, pansalu yoyera, popanda mawu kapena nambala ya foni pamwamba pake. Meta imafuna chithunzi chosachepera mapikiselo 500 m'litali ndi 500 m'lifupi. Kutenga chithunzi cha munthu wina chifukwa n'chokongola kumabala madandaulo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo wogula akapeza nyererezo sabweranso.

Katundu wa m'fakitale amakhala ndi barcode, ndipo nambala ya pansi pake, imene kawirikawiri imakhala ya manambala 13, imalembedwa m'danga la gtin. Manambalawa amaperekedwa kudzera m'bungwe la GS1. Mphasa, mipando ya nsungwi ndi zina zopangidwa pamanja zilibe nambala yotere. Wogulitsa asapeke yake kapena kukopera ya pa katundu wina. Ku Google amangolemba no m'danga la identifier_exists.

Kusamala ndandanda ikatha kulembedwa

Ntchito yaikulu ndi yosunga ndandanda kuti izinena zoona tsiku ndi tsiku. Mtengo wa m'tebulo ukasiyana ndi wa pa tsamba logulitsira, Google imaleka kuonetsa katunduyo, ndipo zimene zakhala masiku 30 osakonzedwanso zimachotsedwa. Mitengo nayo siikhazikika: kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabotolo, mapepala a pulasitiki ndi mayendedwe zinakwera, ndipo ndandanda yosakonzedwa ikanagulitsa katundu pamtengo woluza. Gulu lisankhe membala mmodzi woyang'anira tebulo, ndi wina womuthandiza, kuti sabata iliyonse aziyerekeza zolembedwa ndi zimene zili m'nkhokwe. Katundu akatha, danga la availability lisinthidwe tsiku lomwelo, munthu asanatumize ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kulipira chinthu chimene palibe.

Poyambira

Magulu ambiri alibe tsamba lawolawo la pa intaneti, koma zimenezi zisawagwetse mphwayi. WhatsApp Business ili ndi malo oikapo katundu mpaka 500, aliyense ndi dzina, chithunzi, mtengo, kufotokoza ndi nambala yake. Mfundo zake ndi zomwezi, ndipo gulu limene lazilemba bwino kamodzi lidzangozisamutsa likadzapeza msika wokulirapo.

Pamsonkhano wotsatira, gulu lililonse lisankhe katundu asanu amene amayenda malonda kwambiri, limuyeze, limujambule, ndi kulemba mizere isanu m'kope. Kenako kopelo lipatsidwe kwa munthu amene sanaonepo katunduyo. Akatha kunena chimene chikugulitsidwa, kuchuluka kwake ndi mtengo wake popanda kufunsa funso, ndandandayo yakonzeka kulowa pa kompyuta.