Kucheza ndi Alendo ku Mangochi: Chakudya ndi Zokaona Madzulo

Wolandira alendo ku Mangochi ayambe ndi nsomba, ndipo aigule m'mawa padoko, asodzi akangokocheza. Nsomba yatsopano imakhala ndi maso owala, ndipo mnofu wake sulowa ukausindikiza ndi chala. Alendo ambiri amafika akufuna chambo, koma chambo chachepa m'nyanja ndipo mtengo wake ndi wokwera. Kampango wa mnofu wambiri ndi minga yochepa amakhutitsa bwino lomwe, ndipo usipa wofutsa wothira tomato ndi anyezi suchititsa manyazi pamaso pa mlendo. Kasawala, amene ndi ana a chambo, asagulidwe ngakhale atatchipa chotani.

Chambo chimakoma chikang'ambidwa pakati, kuthiridwa mchere ndi mandimu, n'kuwotchedwa pamakala ofatsa. Moto wolilima umapsereza khungu mkati musanapse. Nsima kapena mpunga zikhalepo, pamodzi ndi masamba otendera. Anthu ambiri kuno ndi Ayao achisilamu, choncho alendo auzidwe msanga kuti asamafunse nkhumba kapena mowa paliponse. M'mwezi wa Ramadan, malo ena odyera amakhala zii masana, koma dzuwa likalowa pamapezeka futali, mbatata kapena chinangwa chophika ndi nsinjiro.

Akatha kudya, alendo ayende pang'ono m'tauni, imene kale inkatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pamtsinje wa Shire pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yomangidwa mu 1903, mfuti ya sitima ya Gwendolen imene inamenya nkhondo panyanja mu 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ola limodzi limakwana.

Kulowa kwa dzuwa kumaoneka bwino ku Chembe, ku Cape Maclear, chifukwa gombe lake limapenya kumadzulo. Ulendo uyambike 3 koloko isanakwane, kudzera msewu wa ku Monkey Bay, pakuti dzuwa silidikira 6 koloko m'miyezi yozizira. Malo abwino okhalapo ndi pamchenga moyang'anana ndi chilumba cha Thumbi, kapena pamiyala ya Otter Point, imene ili m'paki ya Lake Malawi National Park ndipo polowa pamalipidwa.

Alendo asafulumire kunyamuka mdima ukagwa, pakuti chokaona chenicheni chimadza pamenepo. Asodzi a usipa amapalasa mabwato kupita pakati panyanja atayatsa nyali zokopa nsomba kuti ziunjikane, kenako n'kuzizinga ndi khoka la chilimira. Nyalizo zimandandalika patali ngati tauni yoyandama. Zimachuluka usiku wopanda mwezi, pamene kuwala kwa nyalizo kumakopa usipa kwambiri, choncho wokonza ulendo ayang'ane kaye mwezi. Mphepo ya mwera ikakula, makamaka pakati pa chaka, mabwato ambiri satuluka.

Usiku alendo asasambe m'nyanja kapena kuyandikira bango, makamaka m'mbali mwa Shire, kumene mvuu zimatuluka kukadya ndipo ng'ona zimabisala. Avale zovala zamanja aatali chifukwa cha udzudzu, ndipo pogona pakhale neti. Kuyenda pagalimoto usiku m'misewu imeneyi n'kovuta chifukwa cha njinga zopanda nyali ndi mbuzi, motero malo ogona ku Chembe kapena ku Monkey Bay apezedwe ulendo usanayambe.