Kachipangizo ka WiFi si Intaneti Ayi

Aphunzitsi ena opuma pa ntchito ku Ludzi ali ndi kompyuta ya patebulo yomwe mwana wawo anawasiyira popita ku Joni. Iwo ankafuna kuti mdzukulu wawo wa Fomu 4 azipezapo mapepala akale a mayeso a MANEB. Atagulitsa mtedza, anakwera kabaza mpaka pa Kamwendo, n'kukwera minibasi ya ku Boma. Kumeneko wogulitsa wina anawaonetsa kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo, nati, "Bambo, ingolowetsani kuseri kwa kompyutayo, basi zatheka."

Atafika kunyumba analowetsadi. Kanyali kake kanayamba kuphethira, koma intaneti kunalibe.

Kachipangizoko sikanali kowonongeka. Makompyuta ambiri a patebulo, makamaka akalewa, alibe mbali yogwirira WiFi monga ilili mu laputopu kapena foni, ndipo kachipangizo ka USB kaja kamangotseka mpata umenewo. Ntchito yake ndi kulandira basi. Payenera kukhala china choulutsa WiFi m'nyumbamo: rauta, MiFi, kapena foni yotsegulidwa hotspot. Dongle yolowa simu khadi ndi chinthu chinanso, chifukwa iyo imalankhula yokha ndi nsanja ya netiweki. Maonekedwe a zipangizo ziwirizi amafanana, ndipo wogulitsa amene sanafunse kuti kunyumbako kuli chiyani anawalakwira bambowa.

Kenaka mphwawo wochita geni ku Chipata anawabweretsera MiFi kudzera pa Mwami, yotsika mtengo ndithu. Ataikamo simu ya TNM inakana, ya Airtel inakananso. Inali yokhomedwa kuti izigwira ndi simu ya kampani imodzi yokha ya ku Zambia. Analipiranso mnyamata wokonza mafoni kuti aitsegule, ndipo phindu la kutchipa kuja linathera pomwepo. Inu ogula katundu wotere kutsidya, nyamulani simu yanu ya kuno, muiyese pamaso pa wogulitsa ndalama zisanachoke m'manja.

Koma chomwe chinawapweteka mtima kwambiri chinadza zinthu zitayamba kuyenda. Anagula bando ya mwezi wathunthu, koma sabata isanathe uthenga unabwera woti yatha, mdzukulu uja asanatsitse ngakhale mapepala a phunziro limodzi. Kompyuta yomwe yakhala zaka osalumikizidwa, ikangoona WiFi imayamba yokha kukoka zokonzanso Windows, ndipo zimenezi zimameza magigabayiti mwakachetechete mwini wake ali phee kuwerenga. Mu Windows 10 muli malo otchedwa metered connection. Mukawatsegula, kompyuta imadziwa kuti intaneti yanu ndi yogula mopima, ndipo imachepetsa kukokako. Palibe amene anawauza zimenezi.

Panalinso pasiwedi. Anasiya yomwe ija yolembedwa pa kapepala ka mkati mwa chivundikiro cha MiFi, ndipo mdzukulu anauzako mnzake mmodzi yekha. Madzulo anyamata anayamba kukonda kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, mitu ili zyoli pa mafoni. Ine anawo sindiwada kwenikweni, pakuti bando ndi yodula kwa aliyense. Koma ndalama imene inkapita inali ya mtedza wa munthu wokalamba, wolima ndi manja ake.

Pano pasiwedi anasintha, ndipo amaidziwa okha. MiFi anaichotsa pansi pa tebulo pomwe makoma a njerwa ankaitchinga, n'kuiika pa windo loyang'ana komwe kuli nsanja. Atsala ndi nkhawa imodzi: Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, choncho kompyuta yakale yolowa pa intaneti ili pa chiopsezo chachikulu cha mavairasi kuposa kale. Mwana wawo anawalangiza pa foni kuti asamalowetsepo manambala achinsinsi a ku banki, ndipo za penshoni yawo akumachitirabe pa kauntala ku Boma.